Mabenchi Oyang'anana a Padzala

Apongozi anga aamuna anali ogontha. Sanabadwe choncho ayi. Anagwira ntchito zaka makumi atatu pa makina ochekera matabwa kunsi kwa Phiri la Dedza, ndipo makinawo anawadya makutu monga chiswe chidyera mtanda wa denga, kunja kuli bwinobwino m'kati mulibe kanthu. Sabata imene anapuma pa ntchito, mphezi inagwa pa bulugama wa kuseri kwa nyumba yathu, n'kumung'amba pakati, n'kupha nkhuku ziwiri za oyandikana nawo. Iwo anatembenukira kuchitseko n'kunena kuti, "Lowani." Ndinalipo. Wokayika akafunse mwini nkhukuzo, manda ake ndimulozera.

Ankamva ndi maso. Pa makina paja palibe amene amamva mnzake, ndiye anthu a pamenepo anaphunzira kuwerenga pakamwa. Munthu akawayang'ana kumaso n'kulankhula mosathamanga, ankatola mawu onse, ndi bodza lomwe.

Vuto linali ife a m'nyumba. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndinakwatira mwana wawo, ndipo tinkakhala pabwalo pawo mu lokeshoni ya kumalire kwa boma. Chikamwini cha m'tauni, chopanda munda. Apongozi aakazi anali atamwalira kale. Mkazi wanga akamalankhula ndi bambo ake ankagwada n'kuyang'ana pansi, monga anamulangira. Ine, mkamwini, ndikanayamba bwanji kuwapenyetsetsa apongozi m'maso ngati ndikuwagulitsa mbuzi? Ndinkalankhula nditazolika, kapena nditayang'ana mphaka. Iwo ankangoona pamutu pathu pakugwedezeka n'kuyankha kuti, "Zikomo." Tsiku lina ndinawauza kuti denga la chimbudzi lagwa, anati zikomo. Tinkawalemekeza kwambiri m'nyumba imeneyo, mpaka tinawasiya okha.

Kutsogolo kwa mzere wa nyumba zathu kunali malo amene tonse tinkawatchula kuti Padzala. Panakumana njira zitatu: yopita kumsika, yopita ku mpopi, ndi yokwera kuphiri. Aliyense wodutsa ankasiyapo kanthu. Phulusa, makoko a mbatata ya kachewere, nsapato ya kumanzere, mphaka womaliza ulendo wake. Fungo lake linali ndi malire ngati dziko, ndipo mlendo ankadziwa kuti wafika popanda chikwangwani. Nkhumba ina inabwera kuchokera kumidzi, inanunkhiza kamodzi, n'kubwerera kwawo osayang'ana m'mbuyo. Sindikuwonjezera. Ndachotsako, poopa kuti simukhulupirira.

Mwezi wa Meyi wina, kuzizira kutangoyamba, apongozi anabwereka wilibala n'kuyamba kuchotsa dzalalo. Sanauze munthu, sanaitanitse komiti. Ankadzaza wilibala, kukataya m'chigwembe cha kumunsi, kubwerera. Anthu ankadutsa m'njira zitatu zija akuseka, ndipo ubwino wa kugontha ndi umenewo, bola osawayang'ana pakamwa. Sabata yachiwiri mwini golosale ya pakona, Msilamu wa ndevu zambiri amene tonse tinkamuti mjomba, anatuluka ndi fosholo. Iye ankati wabwera chifukwa ntchentche za Padzala zinkalowa m'sitolo mwake n'kutuluka ndi shuga osapereka moni.

Atafika pa dothi lenileni anapeza kuti ndi lofiira, lokongola, ndipo akuluakulu ena anabwera kudzaliona ngati m'bale wobwera ku Joni. Apongozi anakatenga zigwagwa kwa anzawo akale a pa makina, matabwa a m'mphepete aja okhala ndi khungwa mbali imodzi. Anazipala, nakhoma mabenchi anayi otalika, aliyense ndi choyedzamira chachitali chotchinga mphepo ya kuphiri. Kenako anatha masiku atatu akungowasuntha. M'mawa aika apa, akhala, ayang'ana dzuwa, adzuka, asunthanso. Ndinkaganiza kuti mutu wayamba kutsatira makutu.

Pamapeto mabenchi anayang'anana, awiri uku awiri uko, mopendekeka pang'ono ngati manja olandira mchere, pakati posiya malo a bawo. Iwo anasankha pakona ya kum'mawa, dzuwa lili kumsana. Ndinazindikira mochedwa chifukwa chake. Akakhala pamenepo, kuwala konse kwa m'mawa kunkagwera pankhope za anzawo, ndipo pakamwa pa aliyense pankaoneka ngati pa bolodi.

Amene sanakhaleko ku Dedza mu Juni sadziwa kuti dzuwa la m'mawa ndi chakudya. Kumazizira koti tambala amalira kukamwa kuli kotseka. Nkhungu ikangochoka, munthu aliyense amafuna khoma loti atsamire ndi dzuwa loti awothere. Padzala panapezeka zonse ziwiri. Anayamba kubwera amuna opuma pa ntchito, kenako telala wina anatulutsa makina ake pakhonde n'kuwaika pambali pa benchi. Amayi ochokera ku mpopi ankatula ndowa kuti apume, ndipo kupumako kunkatha ola. Wina anayala thumba n'kuunjikapo mbatata. Wina anadzala mitengo iwiri ya mapichesi ndi maluwa a m'chitini. Palibe anataya phulusa pamenepo. Lamulo panalibe, kungoti sungataye zinyalala pamapazi a munthu amene akukufunsa za mwendo wa amayi ako.

Ine ndinkadutsa popita kusukulu, ndipo Loweruka ndinkakhala kumapeto kwa benchi, kutali ndi apongozi monga kuyenera. Kumeneko ndiko ndinamva koyamba kuti munthu uja amene kunyumba ankangoti zikomo anali ndi pakamwa pa lumo.

"Mjomba, metani ndevu za pamlomozo," anatero tsiku lina akusewera bawo, mokweza monga alankhulira ogontha. "Mawu anu akusochera m'thengo. Akamatuluka atha kale ntchito."

"Madala, ndevuzi zinalipo inu musanagonthe," anayankha mjomba, atawayang'ana kumaso.

"Ndiye anandigonthetsa ndinu nomwe. Sewerani, nkhomo zanu zikulira."

"Ndikuganiza."

"Muziganiza kwanu. Kuno timasewera."

M'mawa mwake mjomba anabwera atadulira ndevu za pamlomo, ndipo aliyense anachita ngati sanaone. Telala, amene ankalankhula ali ndi singano kukamwa, anaphunzira kuichotsa. Amayi ena achikulire, oti sangaope kuyang'ana mwamuna wa msinkhu wawo kumaso, ankawabweretsera nkhani za ku mpopi zikadali zotentha. Apongozi ankabwera kunyumba masana ali ndi mbiri ya lokeshoni yonse, ndipo ankatiuza ife, akumakutu, zimene zikuchitika m'dziko. Ananenepa. Anagula chipewa.

Zinakhala choncho zaka ziwiri. Ndikanakonda ndikanalekera pomwepa.

Chiswe cha ku Dedza sichiona nkhope. Dzinja lachiwiri chinadya miyendo ya benchi limodzi, ndipo tsiku lina linakhala pansi pamodzi ndi telala ndi buluku la eni ake limene ankasoka. Anthu anati pakufunika simenti pang'ono yoti miyendo isamakhudze dothi. Wina anati ku boma amapereka simenti kwa anthu odzithandiza okha pa chitukuko, bola kalata. Onse anatembenukira kwa ine. Mphunzitsi ndiye cholembera cha mudzi.

Mkazi wanga anandiona nditakhala patebulo ndi pepala.

"Inu, mulembe zochepa," anatero. "Simenti thumba limodzi. Basi."

"Kalata ya boma siyenda yopanda nsapato, mayi."

"Ndikukudziwani. Musaiveke jekete."

Ndinaiveka jekete, tayi ndi chipewa. Chingerezi chikandikwera kumutu sindidziletsa. Ndinalemba kuti malo amene kale anali dzala tsopano ndi mtima wa lokeshoni, kuti tsiku ndi tsiku pamasonkhana anthu opitirira zana, amuna ndi akazi, Akhristu ndi Asilamu, kukambirana nkhani zofunika za moyo wawo. Zoona zake tinkakhalapo khumi ndi awiri, galu wa telala tikamuwerengera. M'moyo wanga wonse bodza limene ndinanenapo ndi limeneli lokha, ndipo ndi lokhalo limene boma linakhulupirira.

Ana a masiku ano ayenera kuuzidwa kuti nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo makutu ake anali ochuluka kuposa mitu ya anthu. Munthu ankatha kunena mawu amodzi pa mowa, m'mawa galimoto n'kumutenga, mkazi wake n'kumauza ana kuti bambo apita kukagwira ntchito kutali. Nkhani zenizeni tinkalankhula monong'ona, dzanja lili pakamwa, maso ali kwina.

Patatha masabata atatu, a tcheyamani a chipani a nthambi yathu anandipeza kuseri kwa sukulu nthawi ya buleki. Anali munthu wogulitsa kabichi, wabwino mtima, wamantha kwambiri moti ankapereka moni kwa mthunzi wake kuti usakamunenere. Iwonso ankawothera nafe dzuwa Padzala.

"Aphunzitsi, mwatipha," anatero.

"Ndapha ndani, a tcheyamani?"

"Anthu zana. Tsiku ndi tsiku. Kukambirana." Anayang'ana uku ndi uku. "Andiitana dzulo. Akuti anthu zana amenewo akukambirana chiyani? Akutsogolera ndani? Chilolezo anapereka ndani? Nanga ine tcheyamani ndinali kuti?"

"Mukanawauza kuti ndi bawo chabe."

"Ndiwauze kuti mphunzitsi wa boma ananamiza boma? Musankhe nokha, aphunzitsi. Kaya munanama, kaya pali msonkhano."

Ndinasankha kukhala chete, ndipo belu linandithandiza.

Bwana wa ku boma anabwera Lachinayi m'mawa pa galimoto. Anali wamfupi, wa nsapato zowala moti nkhuku zinkabwera kudzadziona. Sanakalipe. Anayamikira maluwa, anagwira mapichesi, anapereka moni kwa aliyense. Apongozi anavula chipewa chawo chatsopano, nkhope ili mwee, poganiza kuti ntchito yawo yaonedwa. Bwanayo anazungulira mabenchi kawiri, kenako anaima pakati.

"Malo abwino kwambiri," anatero. "Koma kutsogolo ndi kuti?"

Tinayang'anana. Zaka ziwiri tinakhala pamenepo osadziwa kuti tikusowa kutsogolo.

"Anthu akakhala moyang'anana chonchi amamverana okhaokha," anapitiriza, mofatsa ngati namwino. "Tikuthandizani. Malo ano akhala chitsanzo."

Apongozi sanagwire kanthu, chifukwa bwanayo ankalankhula akuyang'ana nsapato zake. Anandikoka malaya. "Akuti bwanji, aphunzitsi?" Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti simenti ibwera. Anaona pamutu panga pakugwedezeka. Anati zikomo.

Simenti inabweradi, yochuluka yoti tikanamangira mlatho. Panabweranso njerwa, laimu, chitsulo chachitali cha mbendera, ndi anyamata a chipani oti agwire ntchito. Apongozi anadzuka m'mamawa, anasakaniza okha simenti yoyamba, akuwaphunzitsa anyamatawo muyeso wa mchenga. Kenako anaona mabenchi awo akunyamulidwa n'kuikidwa m'mizere inayi, lina kumbuyo kwa linzake ngati m'kalasi mwanga, onse kuyang'ana kumene amisiri ankamanga nsanja ya njerwa.

Anaganiza kuti anyamatawo alakwitsa. Anagwira benchi limodzi, nalikokera pamalo pake akale. Anyamata analibweza. Analikokanso. Analibwezanso. Kachitatu anaimirira, manja ali m'chiuno, ndipo mawu awo anamveka mpaka ku mpopi.

"Kodi anthu azilankhulana ndi nkhongo?"

Aliyense anapeza chochita ndi mapazi ake. Mjomba anawagwira mkono n'kugwedeza mutu pang'ono. Apongozi anamuyang'ana pakamwa, kudikira. Mjomba anatsegula pakamwa, anayang'ana anyamata aja, natsekanso. Chimene chinkafunika kunenedwa chinali cha monong'ona, dzanja lili pakamwa, ndipo munthu wogontha sanong'onezedwa. M'lokeshoni yonse, munthu mmodzi yekha amene sanauzidwe chifukwa chake anali mwini mabenchiwo.

Miyendo ya mabenchi inamizidwa mu simenti mpaka m'mawondo. Chiswe chinagonja, zimenezo ndivomereze. Kenako kunabwera laimu. Anapaka miyala ya m'mbali mwa njira, njerwa za nsanja, makungwa a mapichesi, ndi zitini za maluwa. Galu wa telala anagona nthawi yolakwika, anadzuka ali woyera mbali imodzi, ndipo anakhala choncho mpaka mvula. Pa tsiku lotsegulira panabwera anthu ochuluka, ena pa malole, kotero kuti kwa maola awiri kalata yanga inanena zoona. Amayi anavina, a tcheyamani anawerenga mawu a papepala, bwana uja anati ena atengerepo phunziro. Dzina la apongozi silinatchulidwe, koma sanadandaule, poti sanamve kuti silinatchulidwe.

Lolemba m'mawa nkhungu itachoka, anthu a masiku onse anabwera mwa chizolowezi. Anakhala. Apongozi anayamba benchi la kumbuyo, naona nkhongo zisanu ndi zipewa ziwiri. Anapita la kutsogolo, naona chitsulo. Anakhala pakati, cham'mbali, koma dzuwa tsopano linkawalasa m'maso ndipo nkhope ya woyandikana naye inali mdima. Amuna anayesa kutembenuka kuti azicheza ndi a kumbuyo, koma zoyedzamira zija anazikhoma ndi munthu wodziwa ntchito, zazitali mpaka m'khosi. Sabata imeneyo amuna asanu ndi awiri a m'lokeshoni mwathu ankayenda makosi atapindikira kumanzere, ndipo mmodzi anakafika kumsika akufuna kupita kutchalitchi. Bawo linasowa pokhala, chifukwa pakati pa mizere pankangokwana mawondo. Analiika pansi kumbali, amuna akuluakulu n'kumanjuta pa dothi lozizira pambali pa mabenchi opanda anthu.

Lachisanu apongozi anapeza nzeru. Ananyamula kampando kawo ka kunyumba, anakwera pansanja paja, nakhala moyang'ana mizere. Nkhope zonse zinali patsogolo pawo. Ndinali ndisanafike kusukulu, ndipo ndinawaona akuseka koyamba chibwerere simenti.

"Tsopano ndakupezani nonse," anatero. "Mjomba, mwakalamba chikhalireni sindinakuoneni. Atelala, chotsani singano, ndikufuna nkhani."

Anthu anaseka, koma mosatsegula mano. Anayankha mwachidule. Munthu wokhala pansanja, pansi pa mbendera, akulankhula mokweza kwa anthu okhala m'mizere, ngakhale mwana akudziwa dzina la chinthu chimenecho. Anachita zimenezi masiku anayi. Tsiku lachisanu a tcheyamani anabwera kunyumba kwathu dzuwa lisanatuluke bwino, atafunda bulangete, nandiitanira kuseri.

"Afunsa kale," ananong'ona. "Akuti mkulu amene akuchititsa misonkhano m'mawa uliwonse ndi ndani, ndipo anamusankha ndani. Ine ndati ndi wodwala mutu. Ndikhululukireni, aphunzitsi, palibe china chimene ndikanatha kunena. Koma akakweranso lero, sindidzakhalaponso pakati."

"Muwauze inuyo. Amakumvani."

"Ine ndikaonekere ndikulankhula nawo? Ndi apongozi anu. Kalata inali yanu."

M'mawa umenewo ndinawatsatira apongozi. Atangoika kampando pansanja, ndinakwera, ndinagwada monga mkamwini, ndinawomba m'manja pang'ono, kenako ndinanyamula kampandoko n'kutsika nako. Anthu onse anali m'mizere akuonerera, ndipo kamodzi kokha mabenchi aja anagwira ntchito imene anawaikira. Apongozi anaima pansanja manja ali lende. Sanakalipe. Anayang'ana nkhope imodzi imodzi, kufuna pakamwa poti pawauze kanthu, ndipo pakamwa ponse panali potseka. Anatsika okha, nanditsatira kunyumba, ine patsogolo ndi kampando, iwo pambuyo.

Zotsala zinachitika zokha. Anyamata a chipani anaona kuti malo okumana njira zitatu, okhala ndi mabenchi ndi mbendera, ndi abwino kufunsirapo makhadi a umembala wa chipani. Mayi wopita ku mpopi ankayenera kuonetsa khadi, pobwerera aonetsenso, ngati kuti madziwo amusintha. Pasanathe mwezi njira zonse zitatu zinapinda. Ya ku mpopi inakadzera kuseri kwa zimbudzi, ya kumsika inalowa m'munda wa munthu. Njira imene inkatenga mphindi zisanu inayamba kutenga theka la ola, ndipo palibe anadandaula. Wa mbatata anasamuka. Telala anabwerera pakhonde pake. Mapichesi anabereka chaka chimenecho kuposa kale, n'kuwolera pansi, chifukwa palibe ankadziwa ngati ndi athu kapena a boma. Malowo anakhala aukhondo kwambiri. Ankasesedwa Loweruka lililonse, ndipo alendo a ku boma ankabwera nawo anzawo kudzawaonetsa.

Mjomba anabwera kunyumba kawiri kudzacheza. Anakhala pakhonde moyang'anana ndi apongozi, koma macheza a anthu awiri opanda odutsa amatha msanga ngati moto wa mapesi. Komanso anthu anali atamva kuti mkuluyo dzina lake lili m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo mjomba anali ndi sitolo ndi ana. Ulendo wachitatu anangotumiza masamba a tiyi. Patapita miyezi ndinamuona ndevu za pamlomo zitameranso.

Apongozi anabwerera kuseri kwa nyumba. Ankakhala pa kampando kaja kuyambira m'mawa, kuyang'ana khoma la khitchini. Chipewa anachipachika pa msomali. Ngakhale zikomo uja anayamba kusowa.

Lamlungu lina masana, mkazi wanga atapita kumaliro, ndinatenga mpando n'kuuika patsogolo pawo penipeni. Ndinakhala. Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati. Khosi langa linalira ngati chitseko cha nkhokwe. Iwo anadzidzimuka, nayang'ana kumbali, monga munthu wapeza mnzake akusamba. Ndinadikira mpaka anabweza maso.

Ndinawauza zonse. Za kalata, za anthu zana, za a tcheyamani, za galimoto imene ikanabwera akanakweranso pansanja. Ndinalankhula pang'onopang'ono, mopanda mawu, milomo yokha, kuopa oyandikana nawo. Ndinapepesa. Ndikuganiza kuti ndinatha mphindi khumi, ndipo m'moyo wanga sindinaphunzitsepo phunziro lokonzedwa bwino ngati limenelo.

Anandiyang'anitsitsa pakamwa mpaka ndinamaliza. Kenako anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, musavutike," anatero, motsitsa mawu momwe akanathera. "Pakamwa pa munthu ndimachita kupaphunzira. Pa mjomba pananditengera chaka. Panu ndi pachilendo. Ndangogwirapo mawu amodzi, simenti."

Ndinati ndibwereza. Anakweza dzanja.

"Simentiyo inali yabwino. Musadandaule nayo."

Ndikanatha kulemba papepala, koma iwo sukulu sanapiteko. Ndikanatha kumakhala nawo choncho tsiku ndi tsiku mpaka ataphunzira pakamwa panga, ndipo ndinayesadi masiku angapo. Koma ankachita manyazi, inenso ndinkachita manyazi, ndipo mkazi wanga atatipeza tikuyang'anana anafunsa ngati wina wamwalira. Chimanga chisanache, apongozi ananena kuti akufuna kubwerera kwawo ku Lobi, kwa mlongo wawo, kumene anachoka ali mnyamata. Nyumba anatisiyira. Tinawakweza lole ndi kampando kawo ndi bokosi la zipangizo.

Ndinakawaona kamodzi, chaka chotsatira, nthawi yokolola. Mlongo wawo, mayi wokalamba wa maso ofooka, anati sakhala pakhomo. Amachoka m'mawa, amabwera madzulo, ndipo ndikawafuna ndipite kuchigayo.

Chigayocho chinali patsidya pa dambo, m'kanyumba ka malata, ndipo phokoso lake linkagwetsa mbalame m'mitengo. Ndinawapeza atakhala pa mwala pafupi ndi khomo, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi ufa. Anali ataonda. Anandilandira bwino, anafunsa za mwana wawo, ine ndinayankha ndi mutu. Kenako anandilozera m'katimo ndi chibwano. Amayi anali pamzere ndi madengu, ndipo aliyense akafika kwa wogayitsa ankamuyang'ana kumaso n'kukuwa, pakamwa patatseguka mpaka m'mero.

"Muno aliyense ndi gonthi," anatero apongozi. "Ndimamva zonse."

Ndinakhala nawo pamwalapo mpaka dzuwa linapendeka, ndikuyang'ana nawo limodzi. Ndinafunsa ndi manja kuti akukamba zotani.

"Uyo akuti mgaiwa," anatero. "Winayo akuti mphale. Wogayitsa akuti sunthani thumba." Anadikira mayi wotsatira afike kutsogolo, namuyang'anitsitsa. "Mgaiwa."

"Basi?" ndinafunsa ndi manja.

"Nthawi zina lamba amaduka," anatero. "Pamenepo amazimitsa makina, ndiye onse amayamba kulankhula bwinobwino, atayang'ana pansi. Ndimangodikira akonze."